Sitima Yadongo Si Chibwana

Pa 10 July 2023 mumzinda wa Johannesburg munagwa chipale chofewa, chinthu chimene anthu a kumeneko anachiona komaliza mu 2012. Tsiku lomwelo mwana wa mlongo wanga, amene amasamala dimba la maluwa la mzungu wina wachikulire kumeneko, ananditumizira kanema pa WhatsApp. M'kanemamo munali bwana wakeyo, nkhalamba ya imvi mbuu, itagwada pa kapinga woyera ndi chisanu, ikusesa ndi kaburashi tinjanji tating'ono timene tinazungulira dimba lonse, kudutsa pansi pa mitengo, kuoloka kadziwe pa kamlatho, n'kukalowa m'kaphanga ka miyala. Itatha kusesako inaikapo kasitima kotalika ngati mkono, kasitimako n'kuyamba ulendo kakukoka timabogi tinayi. Pansi pa kanemayo mnyamatayo analemba kuti: "Amalume, taonani misala ya azungu. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumasewera ngati mwana, kunja kukuzizira chonchi."

Ndinaseka, sindikana. Koma nditaonera kachiwiri phwete linandithera, chifukwa mawu amene analembawo ndinawazindikira. Ndi abale ake a mawu amene ndinauzidwa ine ku Lirangwe mu 1981, tsiku limene sitima yanga inapondedwa ndi nsapato ya munthu wamkulu. N'chifukwa chake ndatenga cholembera. Mlandu umene ndabwera nawo pabwalo lino ndi wakuti ife akuluakulu a dziko lino, makolo, aphunzitsi ndi alembi omwe, timaswa luso la ana athu lidakali m'dzira, kenako n'kumadandaula kuti mlatho ukakokoloka timadikira mlendo kuti adzatimangire.

Ine ndinakulira kufupi ndi siteshoni ya Lirangwe, pa njanji yochokera ku Limbe ndi Blantyre, yotsetserekera ku Shire kupita ku Nkaya, Balaka ndi Salima. Njanji imeneyi inatsegulidwa mu 1935, ndipo pa ubwana wathu inali m'manja mwa Malawi Railways. Ana a kumeneko tinkaidziwa sitima ndi makutu. Isanatulukire tinkatha kunena ngati ndi ya katundu kapena ya anthu, ngati yalemedwa kapena ikubwerera chabe. Ikalira tinkasiya mbuzi zikudya zokha n'kuthamangira kukawerenga mabogi. Ndiye palibe chodabwitsa kuti pamene ana a m'mphepete mwa msewu wa ku Zalewa ankapinda mawaya kupanga malole ndi mabasi, ine ndi anzanga awiri tinaganiza zomanga njanji yathuyathu kuseri kwa nkhokwe.

Mutu wa sitima ndi mabogi tinaumba ndi dongo la pachulu n'kuumitsa pamthunzi kuti lisang'ambike. Njanji tinang'amba bango, mitanda yogonekapo njanjiyo tinadula mapesi. Tsiku loyamba sitima inayenda mapazi awiri basi n'kugwera pakati, chifukwa pena njanji zinatalikirana, pena zinayandikana. Tinakangana mpaka dzuwa kulowa. M'mawa mwake mnzanga wina anadula kamtengo kamodzi nati paliponse tiziyeza ndi komweko. Patapita zaka zambiri ndinawerenga kuti njanji zonse za dziko lino n'zotalikirana mamilimita 1,067, chimodzimodzi za ku Mozambique, ndipo n'chifukwa chake bogi yopakira ku Limbe imatha kukafika kudoko la Nacala. Kamtengo kathu kaja kanali lamulo lomwelo, ngakhale panalibe wotiuza.

Vuto lachiwiri linali mawilo. Pokhota paliponse sitima inkapitirira n'kukagwa kunja. Tinapita kusiteshoni kukasuzumira pansi pa bogi imene inaimikidwa pambali, n'kuona kuti wilo la sitima lili ndi mlomo mkati mwake wogwira njanji. Tinabwerera n'kumata zitsekerero za mabotolo mkati mwa mawilo athu adongo. Sitima inakhota.

Kenako kunabwera mphunzitsi wamkulu kuposa onse, mvula. Yoyamba ya mwezi wa November inagwa usiku, ndipo m'mawa tinapeza njanji yathu yadukaduka. Pamene pankadutsa madzi ochokera padenga panali chigwembe, mapesi atakaunjikana kumpanda. Tinalira, koma sitinasiye. Tinayenda m'mbali mwa njanji yeniyeni tikuyang'ana chimene chinaipulumutsa iyo usiku womwewo. Tinaona kuti inakwezedwa pa mtumbira, kuti yagona pa miyala yoswa imene madzi amangolowa n'kutuluka, kuti mbali zonse kuli ngalande, ndi kuti paliponse podutsa kakhwawa pali kalavati. Ife tinatola timiyala kumtsinje, tinakumba tingalande ndi supuni yakutha, ndipo m'malo mwa makalavati tinakwirira mapesi a masamba a papaya, aja a mphako mkati. Mvula yachiwiri inagwa yamphamvu kuposa yoyamba. Njanji inaima. Chimwemwe cha m'mawa umenewo sindinachipezenso pa satifiketi iliyonse imene ndinalandira pambuyo pake.

Sabata yomweyo kunyumba kunabwera aphunzitsi ena kudzacheza ndi abambo. Anandipeza nditagwada, manja ali matope okhaokha, ndipo n'zoona kuti mayeso a masamu a mwezi umenewo ndinali nditalakwa. "Bambo," anatero aphunzitsiwo, "mwana wanuyu mukamulekerera sapita patali. Anzake akuloweza mataimusi, iye ali pano kuumba zidole." Abambo sanayankhe. Alendo atapita anabwera kuseri kwa nkhokwe, naponda mutu wa sitima, nakankha njanji ndi phazi. "Iwe, kuyambira lero ndisakuonenso ndi dongo. Wakula."

Abambo anga sindiwaimba mlandu wa nkhanza. Masiku amenewo malo a kusekondale anali ochepa kwambiri, ndipo kholo lililonse linkadziwa kuti mwana akaphonya mayeso a Sitandade 8 khasu likumudikira. Anachita zimene ankakhulupirira kuti ndi chikondi. Chimene ndikutsutsa ndi chikhulupirirocho, chifukwa iwo anapita koma icho chidakalipo, chanenepa, ndipo tsopano chikulankhula pakamwa pa mwana wa mlongo wanga ku Johannesburg. Chikhulupiriro chake n'chakuti nzeru zimakhala m'kope mokha, ndipo chilichonse chimene mwana achita ndi manja popanda womutuma ndi kutaya nthawi. Taganizani: samu imene ndinalakwa m'kalasi inali ya miyeso, ya masentimita ndi mamita. Kuseri kwa nkhokwe ndinali nditatha mwezi wathunthu ndikuyeza. Mphunzitsi wa maso akanatenga rula n'kubwera nayo panjanji yangayo, ndipo samuyo ikanalowa tsiku lomwelo.

Tsono tiyeni tione bwinobwino zimene nkhalamba ija inkachita m'chisanu, tisanaitche yamisala. Kumaiko a ku Ulaya ndi ku America kuli anthu ambiri, madokotala, alimi, opuma pantchito, amene amamanga njanji zazing'ono panja, m'madimba a nyumba zawo. Ku England kuli mudzi wa tinyumba tachitsanzo wotchedwa Bekonscot, ku Beaconsfield, umene unatsegulidwa mu 1929, ndipo tisitima timayenda panja m'menemo anthu n'kumalipira kuti aone. Mu 1968 kampani ya Lehmann ya ku Nuremberg, ku Germany, inatulutsa tisitima totchedwa LGB topangidwira dala kupirira mvula ndi dzuwa, toyenda pa njanji zotalikirana mamilimita 45. Kuchokera pamenepo masewerawa anafala kwambiri.

Chimene chimawavuta anthu amenewa ndi nyengo yozizira. Kumaiko amenewo chipale chofewa chimatha kugwa usiku umodzi n'kukwirira dimba lonse mpaka m'mawondo. Tisitima tambiri timalandira magetsi kudzera m'njanji momwemo, ndiye madzi akaundana pamwamba pa chitsulo magetsi sadutsa ndipo mawilo amangoterereka. Nthaka yonyowa ikaundana imafufuma n'kukweza njanji, ikasungunuka imatitimira, njanji n'kupindika. Nanga amatani? Ena amaika mabatire m'kati mwa kasitima kuti kasadalire njanji. Ena amayendetsa tisitima ta nthunzi yeniyeni, tokhala ndi moto ndi madzi. Kutsogolo amamangirira kachitsulo kosongoka ngati pulawo kokankhira chipale kumbali, ndipo akatswiri ena amapanga kamakina kozungulira kochiponya kutali, monga zimachitira sitima zazikulu za m'mapiri a kwawoko. Pofuna kuti nthaka isawapindire njanji, amaigoneka pa miyala yoswa, yokhala ndi ngalande, osaimata ndi simenti. Mwamva? Miyala yoswa ndi ngalande. Nzeru imene nkhalamba ya ku Germany imaipeza polimbana ndi chipale ndi yomweyo imene ana atatu a ku Lirangwe anaipeza polimbana ndi mvula ya November. Kusiyana kwake n'kwakuti iyo ili ndi magazini, makalabu ndi zionetsero, pamene ife tinalandira nsapato.

Ndikudziwa zimene ena mwakonzeka kundiyankha, ndipo sindizithawa.

Choyamba mudzati: amenewo ndi masewera a anthu okhuta, ife tili ndi njala. N'zoona kuti kasitima kamodzi ka m'sitolo za ku Ulaya kangagule matumba angapo a feteleza, ndipo munthu amene angauze mlimi wa ku Lirangwe kuti agule zoterozo ndiye wamisala weniweni. Ine sindikupempha zimenezo. Sitima yathu sinadye tambala ngakhale imodzi. Dongo, bango, mapesi, zitini za polishi, malegeni a chubu chakutha, zonsezi n'zotola. Umphawi suletsa mwana kupanga galimoto yamawaya, ndiwo umamuphunzitsa. Chimene chimamuletsa ndi pakamwa pa akulu. Ndipotu njala imene mukuinenayo imathetsedwa ndi anthu odziwa kukonza mpope wothirira, kuwotcherera khasu la pulawo, kukumba ngalande yoti madzi asakokolole munda. Kodi anthu amenewo amagwa kuchokera kumwamba ali ndi zaka 25? M'mera mpoyamba.

Chachiwiri mudzati: ana amenewa ndi akuba, amadula mawaya a mipanda ya eni. Apa ndigwada, chifukwa nanenso ndinadulapo waya wa khola la nkhuku la anthu ena, ndipo ndinakwapulidwa moyenera. Ndiululenso china choopsa: tinkaika misomali panjanji kuti sitima iiphwathalalitse tipange timipeni, osadziwa kuti tikuseweretsa moyo wathu ndi wa ena. Zoterezi n'zoletsa ndithu, ndipo kholo loona mwana akusewera panjanji yeniyeni lisanyengerere. Koma funsani chifukwa chimene mwana amabera waya. Amaba chifukwa palibe wamkulu amene anamuyesa munthu n'kumupatsa. Pagalaja iliyonse ya ku Lunzu, pa okonza njinga a pa Lirangwe, pamakhala zidutswa za mawaya ndi masipoko zongotayidwa. Luso limene akulu alikana limakakulira kumdima, ndipo kumdimako ndi kumene limaphunzira kuba.

Chachitatu mudzati: sukulu zathu zimaphunzitsa kale ntchito zamanja. Papepala n'zoona. Kupulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, ndipo aphunzitsi athu amaphunzitsidwa mfundo yotchedwa TALULAR, yoti aziphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Mfundoyo ndi yabwino. Koma tonse amene tinalerapo ana tikudziwa mmene ntchito zamanja zimathera nthawi zambiri: mwana amauzidwa kuti abwere ndi tsache kapena mpini, mayi ake amakagula kumsika, mwanayo n'kupatsidwa malikisi. Waphunzira chiyani pamenepo, kupatula kuti luso limagulidwa ndipo bodza limakhoza mayeso? Aphunzitsi sindiwanyoza. Kuyambira pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994 makalasi anadzaza, ndipo munthu mmodzi woyang'anira ana oposa 100 sangayendere sitima ya aliyense. Koma ngakhale wopanda nthawi angathe kusiya kunyoza. Kunena kuti "wachita bwino, mawa ubwere nayo tidzaione tonse" sikufuna bajeti ya boma.

Pali chachinayi chimene sichinenedwa mokweza, koma chimachitika m'nyumba iliyonse. Mnyamata akamapinda mawaya, mlongo wake amakhala ali kumjigo. Pa njanji yathu ija panali mlongo wanga wamng'ono amene ankaumba mawilo ozungulira bwino kuposa tonsefe, chifukwa ankaonera agogo akuumba miphika. Sankatha mphindi khumi asanaitanidwe kukatsuka mbale. Mwana wake ndi yemwe uja ali ku Johannesburg. Tikamadabwa kuti atsikana ndi ochepa m'makalasi a uinjiniya, tisayambe kufufuza kuyunivesite. Tiyambe kuseri kwa nkhokwe, kumene tinawachotsa ali ndi zaka 7.

Wina afunsa kuti, kodi zidole zadongo zikukhudzana bwanji ndi tsogolo la dziko? Ndiyankha ndi madzi. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji kufupi ndi Chiromo, ndipo kwa zaka zoposa 20 sitima ya ku Limbe sinafikenso ku Bangula ndi Nsanje. Mu 2003 mlatho wa njanji pa mtsinje wa Rivirivi unakokoloka, Lilongwe ndi Salima n'kudukana ndi kummwera mpaka 2005. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala mumdima wa kuzimazima kwa miyezi yambiri. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ku Chilobwe, nakokolola misewu ndi milatho m'maboma ambiri a kummwera, ndipo anthu oposa 600 anatisiya, ena mazanamazana osapezeka. Sindikunena kuti amene anamanga milatho imeneyo anali opusa, ayi. Madzi a Shire ndi Ruo akakwiya palibe amene angawaloze chala. Sindikunenanso kuti mwana woumba sitima akanaletsa Freddy. Chimene ndikunena n'chakuti dziko lino chipale chathu ndi mvula, ndipo mvulayo ikunka niipiraipira. Tidzafunika anthu ambirimbiri, kuyambira injiniya mpaka kapitawo wa msewu ndi mfumu yogawa malo, amene akayang'ana malo amaona kumene madzi adzadutse. Makolo anati madzi saiwala khwawa, mwambi umene mwana aliyense amauloweza m'kalasi ya Chichewa. Koma amene anaumvetsa ndi uja anadzuka m'mawa n'kupeza njanji yake ili kumpanda. Yendani m'maploti atsopano a ku Chileka muone nyumba za malata okwera mtengo zomangidwa pakati pa khwawa, zopanda ngalande ngakhale imodzi. Eni ake ambiri ndi ophunzira, mwambiwo anaukhoza pamayeso.

Sitikusowa mboni. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anasiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Anatola zitsulo zakutha, zipangizo za njinga ndi mitengo ya bulugamu, namanga makina a mphepo opanga magetsi. Anthu a m'mudzi ankati wachita misala, mawu omwe aja a mwana wa mlongo wanga. Atakalankhula ku Arusha mu 2007, buku la moyo wake litatuluka mu 2009, kanema wake ataonetsedwa mu 2019, tonse tinayamba kumutcha mwana wathu. N'chifukwa chiyani tinadikira kuti alendo ayambe kuomba m'manja? Ndipo ndi angati anzake a Kamkwamba amene nsapato inawapeza makina asanazungulire? Kunja nakonso n'chimodzimodzi. Wilbur ndi Orville Wright, amene anaulutsa ndege yoyamba ya injini mu 1903, ankanena okha kuti chidwi chawo chinayamba ndi kachidole kouluka kamene bambo awo anawabweretsera mu 1878. Kachidoleko katathyoka anapanga kawo. Bambo awowo akanati "mwakula, siyani zachibwana," kaya bwalo la ndege la Chileka likanakhala la chiyani lero.

Ndatchula Chileka chifukwa ndiko ndikukhala tsopano. Nditangofika kuno ndinkakumana ndi ana akuthamanga ndi ndege zamawaya, zamapiko ndi mawilo atatu, zina zokhala ndi kachitini kozungulira kutsogolo. Mwana amapanga chimene akuchiona: wa ku Lirangwe sitima, wa ku Chileka ndege, wa kunyanja bwato. Masiku ano ndimakumana nazo mwa apo ndi apo. Chimene ndimaona kwambiri ndi timagalimoto tapulasitiki ta kumsika, timene timathyoka tsiku lachitatu ndipo sitikonzeka, ndi ana anayi ataunjikana pa foni imodzi. Foni sindikuida, ndi yomwe inandibweretsera kanema uja. Koma kholo limene limanyadira kuti mwana wake sagwira dothi chifukwa linamugulira chidole cha m'sitolo lidziwe kuti lamugulira ulesi ndi ndalama zake zomwe. Galimoto yamawaya imafuna kuti mwana aganize za chiwongolero, za ekiselo, za kulemera kwa katundu. Ikathyoka amadziwa pothyokapo chifukwa anapinda yekha. Yapulasitiki imamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, kudikira kuti wina amugulire ina. Kodi si matenda omwewo amene tikudwala ngati dziko?

Tsopano nditembenukire kwa ife alembi, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi. Mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo kuno ku Malawi, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa kuno wofunafuna mawaya oti apangire galimoto yake. Ana a ku America akhala akuliwerenga m'sukulu zawo, n'kuphunziramo liwu lathu lomwe. Mayiyo sindimuchitira nsanje, anaona chimene ife tinkachipondaponda. Koma tidzifunse: m'nthano zathu, m'ndakatulo ndi m'masewero athu a pawailesi, mwana waluso la manja amaoneka kangati? Timalemba za chikondi, za ufiti, za chuma cha amasiye, za mtsikana wonyengedwa m'tauni, ndipo zonsezo n'zofunika. Koma ngwazi ya nkhani zathu nthawi zonse ndi mwana amene anakhoza mayeso n'kukhala bwana wa muofesi. Mmisiri amangotulukira kudzakonza chitseko. Ngati mabuku athu salemekeza manja, tisadabwe owerenga athu akamanyoza sukulu zaluso n'kumaziona ngati kothawira olephera, ngakhale bungwe la TEVETA lakhalapo kuyambira 1999. Ndipo mawu enieni a lusoli, mayina amene ana amatchula ziwalo za galimoto zawo, akutha osalembedwa ndi aliyense.

Kudandaula kokha sikumanga mlatho, choncho ndinene zimene ndikupempha. Kwa makolo: siyani kangodya kamodzi ka bwalo kosasesa. Mwana akamanga kanthu pamenepo, mufunseni mmene kamayendera musanamufunse ngati wasamba. Mtsikana naye mumupatse ola lake. Kwa amisiri a m'magalaja ndi okonza njinga: ikani katoni pakhomo yotayamo zidutswa za mawaya, ana azitenga masana poyera. Kwa aphunzitsi ndi alangizi a maphunziro m'mazoni: yesani mpikisano umodzi wosafuna ndalama. Mwezi wa October gulu lililonse la ana limange msewu kapena njanji yake panja, pamalo otsetsereka, yokhala ndi mlatho umodzi. Musagamule tsiku lomwelo. Dikirani mvula igwe kawiri, kenako mupite ndi anawo kukaona imene yaima, ndipo amene yawo yagwa afotokoze chifukwa chake. Woweruza akhale mvula, amene salandira chiphuphu ndipo alibe mwana wake m'kalasimo. Kwa a MUBAS ndi a MUST: tumizani ophunzira anu kukaona mipikisano yotere, mwina mudzapeza kumeneko amene mayeso akanakubisirani. Kwa osunga mbiri ku Chichiri, kumene mitu ya sitima zakale zamalasha yaima panja: pambali pa zitsulo zimene zinabwera pa nyanja kuchokera ku Britain, ikanipo malo aulemu a sitima, ndege ndi malole opangidwa ndi ana a dziko lino, ndi dzina la mudzi ndi chaka chake.

Mwana wa mlongo wanga ndinamuyankha usiku womwewo. Ndinati: "Mphwanga, usaseke. Mawa ukapite kwa bwana wakoyo ukamufunse chifukwa chimene anaikira timiyala pansi pa njanjizo, ndi mmene amachitira kuti kasitima kasagwe pokhota. Ukamufunsenso amayi ako za mawilo adongo." Patapita masabata angapo anandiuza kuti nkhalambayo itamva funsolo inasiya tiyi kuzizira, n'kumufotokozera mpaka mdima, ndipo tsopano ndi iye amene amakonza njanjiyo mvula ikaononga. Za misala sanatchulenso.

Kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Chileka kuli njanji ina tsopano, ya mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 9. Ndi yabango, mitanda yake ndi timitengo ta maswiti, ndipo yadutsa ndendende pamene pamagwera madzi a padenga. Ndaona kale pamene idzadukire. Agogo ake aakazi andiuza kawiri kuti ndimuchenjeze mwanayo asadzalire, ndipo kawiri konse ndakana. Ndangomusungira mapesi a papaya pamwamba pa khola, kuti m'mawa umene adzabwere kudzandifunsa ndidzamuuze kuti tiyende kaye tikaone pansi pa msewu wopita kubwalo la ndege.